Za mafuta a lavenda mwafunsa aja, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati mafuta a lavenda ali ndi phindu komanso komwe ndimaoda. Phindu lilipo ndithu. Ndimaoda ku Johannesburg, pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndi katundu wosavuta kunyamula: timabotolo 50 ta 10 ml timakwana m'kachikwama kamodzi. Pobwera muzionetsa malisiti kwa a MRA pa Mwanza n'kulipira msonkho. Ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa malire ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, musaiwerengere, South Africa sili mu COMESA.

Chovuta chenicheni ndi kudziwa chomwe chili m'botolomo. Ulendo wanga woyamba ndinakopeka ndi mtengo wotsika, ndinaoda makatoni awiri pa shopu ina. Kufika kuno, amayi atatu anabwera akudandaula kuti khungu likuyabwa. Kupenyetsetsa pa botolo, panalembedwa kuti fragrance oil, fungo lopanga chabe, loyenera makandulo. Ndinabweza ndalama zawo, manyazi osaneneka.

Lavenda weniweni pa botolo pamalembedwa Lavandula angustifolia. Ngati palembedwa lavandin, ameneyo ndi wosakanizidwa mitundu iwiri, amatulutsa mafuta ambiri n'chifukwa chake ndi wotchipa, ndipo fungo lake limalasa m'mphuno ngati camphor. Si woipa ayi, opanga sopo amamukonda, kungoti musamugulitse pa mtengo wa mnzakeyo. Weniweniyo amadula chifukwa potcheza mafuta ake ndi nthunzi, maluwa milumilu amatulutsa timafuta pang'ono. Ambiri amachokera ku Bulgaria ndi ku Provence, m'dziko la France, ngakhale ku Western Cape amalimanso. Ine ndisanalipire ndimadontheza kadontho pa pepala loyera. Weniweni amauma osasiya banga. Likatsala banga lonona, dziwani kuti anathiramo mafuta ena. Botolo likhale lagalasi lakuda, ndipo musamayale pa dzuwa ngati tomato.

Makasitomala amakonda mbiri yake, ndiye ndimawafotokozera. Aroma akale ankathira lavenda m'madzi osamba. M'chaka cha 1910 katswiri wa mafungo wa ku France, René-Maurice Gattefossé, anapsa pa ntchito n'kudzola mafutawa pa zilonda, ndipo mu 1937 ndi amene anatulutsa buku lomwe linatchukitsa mawu akuti aromatherapy, kuthandiza thupi ndi mafuta onunkhira a zomera.

Koma mbiriyo isakunyengeni n'kuyamba kudzitcha sing'anga. Anzathu ena amalalika pa Facebook kuti lavenda amachiza BP ndi shuga. Limenelo ndi bodza, ndipo za mankhwala zili ndi eni ake, a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Ine ndimangoti fungo lake ambiri limawakhazika mtima pansi pogona. Aliyense ndimamuuza kuti asamwe, asadzoze khanda, ndipo podzola asakanize madontho awiri mu supuni yaing'ono ya mafuta a kokonati, ayambe wayesa pa mkono.

Mukafuna kuyamba, tengani timabotolo 20 kaye, mupite nato m'masaluni ndi kwa amayi opanga sopo. Amenewo ndi omwe amabweranso mwezi ndi mwezi.