Kwa achemwali amene afunsa za buloko ya sukulu yoima pa mawindo

Achemwali, mwati buloko ya sukulu ya kwanu ya ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) yaima pa mawindo, mvula yachiwiri ikugwera m'kati, ndipo mukufuna kudziwa amene amayang'anira ndalamazi ndi koti mukadandaule. Ndinakhalapo mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwathu, ndiye nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Poyamba tichotse maganizo oti bulokoyo ndi mphatso ya aphungu. Thumba la CDF linayamba mu 2006, ndipo ndalama zake ndi misonkho yathu yomwe. Zimachoka ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, n'kulowa mu akaunti ya khonsolo, ndipo amene ayenera kuyankhapo ndi bwanamkubwa, a DC. Mu May 2025 khoti lalikulu, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, linagamula kuti n'kulakwira malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa nawo thumbali, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Munthu sangagule yekha simenti n'kudzifufuzanso yekha.

Papepala njira yake ndi yabwino. Mudzi umakambirana zosowa zake ku VDC, VDC ipereka ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A, ADC ipititsa ku khonsolo kuti zilowe mu pulani ya chitukuko cha dera lonse la khonsoloyo. Imeneyi ndiyo ndondomeko ya mphamvu ku anthu imene inabwera ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998. Koma kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo zizolowezi zambiri zoipa zinamera nthawi imeneyo.

Kumene ndalama zimathera kwenikweni ndi pa siginecha. Kwathu tinkamanga kalavati pa kamtsinje kamene ana amawoloka popita kusukulu. Tsiku lina madzulo kunabwera galimoto, munthu n'kutsika ndi pepala lachingerezi, akuti a komiti sainani msanga tikufuna kukafika kuboma kusanade. Atcheya athu, bambo achikulire osadziwa kuwerenga, anadinda chala. Patapita miyezi tinamva kuti pepalalo linkanena kuti simenti yonse yafika ndipo ntchito yatha, chonsecho m'kalasi momwe tinkasungira katundu munalowa matumba osakwana theka. Ine ndinali pomwepo, sindinafunse kuti atiwerengere. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mvula itabwera kalavatiyo inakokoloka ndipo ana a sitandade 1 ankajomba sabata yathunthu.

Ndiye musayambe ndi kukalipa pa msonkhano, yambani ndi mapepala. Pitani kwa mlembi wa ADC muone maminitsi, mudziwe ngati bulokoyo inavomerezedwadi komanso pa ndalama zingati. Kenako lemberani a DC kalata yopempha BOQ, pepala losonyeza matumba a simenti, malata ndi matabwa amene anayenera kugulidwa, dzina la kontirakitala, ndalama zimene walandira kale, ndi amene anasainira kuti alipidwe. Simukupempha chifundo ayi. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo akakukanizani mukhoza kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Kalatayo ikhale ndi kope, mlembi wa ku ofesi adindepo chidindo ndi deti. Musapite nokha, tenganani ndi a komiti ya sukulu, a gulupu ndi akhansala anu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Oyang'anira ena alipo. National Local Government Finance Committee imalondoloza chuma cha makhonsolo, Auditor General amafufuza mabuku ndipo malipoti ake amakafika ku Nyumba ya Malamulo. Vuto lake amafika mochedwa, udzu utamera kale pa maziko. Mukapeza kuti ndalama zinatuluka koma katundu sanafike, nkhaniyo ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi katangale. Ngati kuli kungokuzengerezani ndi kusakuyankhani, pitani kwa Ombudsman.

Mawa lomwe jambulani bulokoyo mbali zonse, werengani mizere ya njerwa ndi katundu amene watsala, mulembe m'kope ndi deti, aphunzitsi aakulu asainire. Mukalandira BOQ ija mudzandionetse, tidzawerengere limodzi mzere ndi mzere.