Bwanji osangolola magalimoto kudutsa pang'onopang'ono?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amapikula nsomba kutsidya la kummawa kwa Shire n'kudzagulitsa pa msika wa pa boma kuno ku Mangochi. Akuti tsiku lina anapeza msewu wotseka chifukwa cha ndawala ya anthu ambiri, galimoto imene anakwera inaima mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo chambo chawo chinayamba kufewa. Funso lawo lili pawiri: "Kodi malamulo amalola kutseka msewu wa tonse chifukwa cha mwambo wa ena? Nanga bwanji osangolola magalimoto kudutsa pang'onopang'ono m'mbali mwa anthuwo?"

Mayi, pepani ndi nsombazo. Ndiyamba ndi la malamulo poti ndi lalifupi.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Gawo 39 limakupatsani inu ufulu woyenda. Maufulu awiriwa akakumana pa msewu umodzi, wina amayenera kudikira mnzake kwa kanthawi. Lamulo la apolisi la 2010 limati wokonza msonkhano kapena zionetsero adziwitse bwanamkubwa wa boma polemba kalata, kusanatsale maola ochepera 48, ndipo apolisi nawo adziwe. M'kalatamo amanena tsiku, nthawi, malo, njira imene adzayende ndi kuchuluka kwa anthu amene akuwayembekeza. Ndiye kutsekako pakokha si kuphwanya lamulo. Koma taonani: ngati akuluakulu amadziwa masiku awiri zisanachitike, palibe chifukwa choti inu muzidziwira pa chotchinga, nsomba zili kale m'beseni. Apa mpamene ndili mbali yanu.

Pa funso lachiwiri ndiye tisiyana maganizo.

Galimoto ikalowa m'khamu, ngakhale ikuyenda ngati ikuperekeza maliro, imadya malo. Anthu amene anali pakati pa msewu amathawira m'mbali, pamene pali kale anzawo, mabenchi a mavenda ndi ngalande. Akumbuyo saona kuti kutsogolo kwachepa, amangobwerabe. Akatswiri oona za makamu amati anthu akapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, munthu sayendanso mwa kufuna kwake, amangotengedwa. Ndipo ambiri amene amafa pa ngozi zotere safa chifukwa chopondedwa monga timanenera, amafa chifukwa chifuwa chapanikizika, mpweya sukulowa, ena ali chiimire. Wamfupi ndi amene amayamba kubanika. Pa 6 July 2017, pamene anthu anakankhana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe pa chikondwerero cha ufulu, mwa anthu asanu ndi atatu amene anamwalira ambiri anali ana.

Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno, akukumbukira za ku Mina, pafupi ndi mzinda wa Mecca, pa ulendo wa chipembedzo wa Hajj wa 2015. Makamu awiri ochokera mbali zosiyana anakumana pa mphambano ya misewu, ndipo boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu 769 afa, pamene kuwerenga kwa maiko amene anataya anthu awo kunapitirira 2,000. Ku Duisburg, m'dziko la Germany, mu 2010 anthu 21 anafa pa phwando la zoimbaimba chifukwa njira yolowera inali yomweyo yotulukira. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, mu October 2022 anthu oposa 150 anathera m'kanjira kopapatiza kotsetsereka, pomwe msewu waukulu wapafupi unali udakali ndi magalimoto, anthu osapeza pomwazikira. Inu a nsomba mumaudziwa mono: polowa mpotakasuka, potuluka palibe. Msewu wodzaza anthu umene wasiyidwa wotsegukira magalimoto umasanduka chimenecho.

Tsono vuto la Mangochi ndi lakelake. Tauni yathu ili ndi mlatho umodzi, wa Bakili Muluzi. Wochokera ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira, ngakhale lole yochokera ku chipata cha Chiponde, onse amawolokera pomwepo n'kutulukira pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ija. Mlatho wina wapafupi pa Shire ndi wa ku Liwonde, ndipo palibe dalaivala wa minibasi angazungulire Nyanja ya Malombe chifukwa cha ziyala, ndawala ya Asilamu, ya maola awiri. Ku Blantyre kapena ku Lilongwe akatseka msewu umodzi amakulozera wina. Ife akatseka pakamwa pa mlatho, boma lonse amaliduladula pawiri, ndipo ambulansi yochokera kutsidya imene ikuthamangira ku chipatala chachikulu imaima pamzere womwewo ndi nsomba zanu.

Choncho ine ndimati misewu ya mkati mwa tauni itsekedwe ndithu pa Idi, pa ziyala, pa msonkhano wa chipani kapena mpira waukulu ukatha, ndipo itsekedwe kwathunthu, osati theka. Koma mlatho ndi msewu wotulukirapo zisamaperekedwe kwa khamu nthawi yaitali. Ngati ndawala iyenera kudutsa pamenepo, idutse m'magulumagulu, apolisi apamsewu akuimitsa anthu kanthawi kuti magalimoto apite, kenaka kuimitsa magalimoto kuti anthu apite. Kuimirira pa mlatho kumvera zolankhula ndiye ayi. Mbali zonse ndi zitsulo, pansi ndi madzi a ng'ona.

Nthawi yoopsa kwambiri si poyamba mwambo. Anthu amabwera mmodzimmodzi kuyambira m'mawa, koma amachoka onse pakamodzi, atatopa, ali ndi ludzu la kutentha kwa kuno, ana atalekana ndi makolo. Nthawi imeneyo mpamene madalaivala amakhala atatopa nako kudikira, ndipo wina amasuntha yekha mgolo kapena kumasula chingwe. A kabaza a njinga zamoto ndiye sadikira n'komwe, amapeza kampata pakati pa anthu. Chotchinga chimene chatsegulidwa mofulumira chimaposa kuipa chimene sichinaikidwe, chifukwa oyenda pansi amakhala atataya tcheru poganiza kuti msewu ndi wawo.

Kwa inu mayi, chothandiza ndi ichi. Masiku a zikondwerero zikuluzikulu sabisika, amalengezedwa ku mizikiti, ku matchalitchi ndi pa wailesi. Uzani a komiti ya msika kuti azifunsa ku ofesi ya bwanamkubwa kapena ku khonsolo njira ndi nthawi imene yavomerezedwa, n'kuitumiza pa gulu la WhatsApp la ochita malonda usiku wake. Muwapemphenso akakambe ndi okonza miyambo kuti chidziwitso chizinena nthawi yotsegula msewu, osati yotseka yokha. Tsiku loterolo wolokani mbandakucha, ayisi muonjezereko, ndipo ngati mwachedwa tsikirani kutsidya mupeze wa njinga yakapalasa akuwolotsereni beseni poikankha, anthu asanadzaze pa mlatho.