Kodi ndalama za chakudya cha akaidi ndi chinsinsi cha boma?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo ali m'ndende, akudya kamodzi patsiku, ndiye akufunsa ngati munthu wamba angaloledwe kuona mmene ndalama za chakudya cha akaidi zimayendera. Mayi, lamulo likukulolani. Koma mwandikhudza pachilonda, choncho mundipirire pang'ono.

Mng'ono wanga anakhalapo pa limandi kundende ina, mlandu wake usanayambe n'kuzengedwa komwe. Tsiku lokamuona ndinkalawirira kuphika, nsima m'kontena imodzi, matemba othira tomato m'kontena ina, kashuga ndi sopo m'jumbo. Pachipata msilikali ankatsegula zonse, n'kundiuza kuti ndilawe kaye iye akuona. Mng'ono wangayo akatulukira, maso anga ankathamangira m'manja mwake, chifukwa mphere zinali zitadzaza pakati pa zala. Nsima ija sankadya yekha. Ankaigawa m'maganizo asanailandire n'komwe: ina ya nyapala (mkaidi woyang'anira anzake m'selo), ina ya mnzake wochokera kutali amene panalibe wachibale womuyendera. Za chakudya cha m'katimo ankangoti mgaiwa ndi nandolo wamadzimadzi, kamodzi, ndipo nkhuni kapena ufa zikavuta nthawi yodyera inkasuntha. Usiku ankagona shamba, kutanthauza kukhala tsonga pakati pa selo, mawondo ako ali pamsana pa mnzako mpaka kucha.

Pobwerera mu minibasi ndinkawerengera. Shuga ndi sopo ndagulazi ndalipirapo msonkho. Msonkhowo ndi umene Nyumba ya Malamulo imagawa chaka chilichonse, gawo lina n'kupita ku nthambi ya ndende kuti akaidi adye. Ndiye ine ndikulipira kawiri, poyamba kusitolo, kachiwiri pamoto panga. Amene walipira kawiri alibe ufulu wofunsa kuti ndalama yoyamba ija inathera pati?

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, poti ndinazimva ngakhale kwa anthu opemphera nawo: wolakwa asamasankhe zakudya. Mawu amenewa amandipweteka mpaka lero. Choyamba, ambiri m'katimo ndi a limandi, khoti silinawapeze olakwa. Chachiwiri, ngakhale wopezeka wolakwayo, woweruza anamulamula kukakhala m'ndende, sanamulamule njala. Izi si maganizo anga okha. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma m'malo mwa akaidi anzake onse, khoti linagamula kuti kuthithikana ndi kadyedwe ka m'ndende zathu zikuphwanya ufulu wa anthu, linapereka miyezi 18 kuti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka, ndipo linakana chodzikhululukira chakuti boma lilibe ndalama. Papita zaka zoposa khumi ndi zisanu. Pitani ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba mukafunse ngati anthu akugona motambasuka.

Ndipo mawu akuti "ndalama palibe" ndi amene amandichititsa kuumirira pa mapepala. Mwina n'zoona palibe. Mwina Nyumba ya Malamulo inavomereza zochepa. Mwina inavomereza zokwanira koma ku Treasury, kosungira chuma cha boma, zinatuluka mochedwa kapena moperewera. Mwina zinafika koma thumba la chimanga linagulidwa pamtengo woposa wa pamsika. Awa ndi matenda osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana, ndipo popanda kuona ziwerengero tonse timangoloza chala mumdima. Mu 2022 manyuzipepala analemba za akaidi okhala masiku osadya ogulitsa chakudya atasiya kubweretsa katundu. Tinadandaula pa Facebook, kenako nkhani inazizira. Ndani anafunsa kuti mgwirizano ndi ogulitsawo unkati chiyani?

Palinso minda. Nthambi ya ndende ili ndi minda, monga ku Mikuyu ndi ku Mpyupyu, komwe akaidi amalima ndi manja awo. Zokololazo ndi matumba angati pachaka, angati amalowa m'khitchini, angati amagulitsidwa, ndalama yake imalembedwa m'buku liti? Sindikuloza munthu kuti waba. Asilikali a ndende ambiri amene ndinakumana nawo ndi anthu otopa, okhala m'nyumba zothina, ndipo ziwerengero zitakhala poyera iwonso zingawachotsere mbiri yoipa imene sanaipalamule.

Wina adzakuuzani kuti za kundende ndi za chitetezo. Lamulo limalolezadi kubisa zina, ndipo mapu a mpanda kapena ndandanda ya alonda usiku sindingazifunse. Koma mtengo wa thumba la nyemba suthawitsa mkaidi. Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo lofotokoza mmene ufuluwu ungagwiritsidwire ntchito, la Access to Information, linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, linasainidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, atolankhani ndi mabungwe atalimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Silinalembedwere atolankhani okha. Ndi lanunso, mayi.

Chochita

Lembani kalata kwa ofisala woona zopereka uthenga kulikulu la ndende ku Zomba. Musafunse kuti "ndalama zimapita kuti", tchulani mapepala: ndalama za chakudya zimene zinavomerezedwa m'chaka chakutichakuti, zimene zinafikadi, mayina a makampani ogulitsa chimanga, nyemba ndi nkhuni pamodzi ndi mitengo yawo, komanso zokolola za m'minda. Sungani kope yodindidwa tsiku limene alandira. Ali ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulani kwa mkulu wa nthambiyo, zikakanika pitani ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, amene amayang'anira lamuloli. Malipoti a Auditor General (mkulu wolondoloza ndalama za boma) ndi a Inspectorate of Prisons (bungwe loyendera ndende) amapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo phungu wanu angakuthandizeni kuwapeza.

Dzina la mwana wanu musalitchule m'kalatamo, silikufunika. Ngati mukuopabe kuti zingamubwerere, pitani ku bungwe lomenyera ufulu wa anthu la CHREAA ku Blantyre, amene amagwira ntchito ndi akaidi, mukapemphe kuti kalatayo ituluke m'dzina la bungwe kapena la makolo angapo pamodzi.