Funsani Azakhali: Pochepetsa ndi posayenera kuchepetsa

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: malipiro sakufika pakati pa mwezi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, mitengo sinabwererenso m'mbuyo. Ndasankhapo makalata awa.

Zikomo Azakhali. Mayi anga ali ndi zaka 64 ndipo anawapeza ndi BP. Nthawi zina kuchipatala amatiuza kuti mankhwala atha, tikagule. Ku famase ndi odula, moti ndinawauza kuti azimwa lero n'kudumphitsa mawa kuti akhalitse. Mnzanga akuti ndiwagulire azitsamba a m'botolo amene amagulitsa m'mabasi, akuti amathetseratu BP. Nditani? — Woyamba kubadwa, Chilomoni

Mwana wanga, tiyambe ndi chimene chandiopsa m'kalata yako. Mayi ayambirenso kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kuyambira lero lomwe. BP siipweteka. Munthu amadzuka, kusesa pabwalo, kupita kutchalitchi, n'kumati ali bwinobwino, pomwe mitsempha ya m'mutu, mtima ndi impso zikuwonongeka pang'onopang'ono. Pa zaka zimene ndinagwira unamwino ndinasambitsa amayi ambiri amene anagwa ndi sitiroko atasiya mankhwala chifukwa cha ndalama. Zowononga za pambuyo pake ndi zimene anthu saziwerengera: galimoto yahayala yothamangira ku Queens, matewera a akuluakulu, ndi mwana mmodzi, kawirikawiri wamkazi ngati iweyo, amene amasiya geni kuti azitembenuza mayi ake pamphasa ndi kuwamwetsa phala ndi supuni.

Pochepetsa palipo. Tsegula kabuku ka mayi ka kuchipatala uone dzina limene adokotala analemba. Mwina ndi HCTZ, amlodipine kapena enalapril. Ukafika ku famase utchule dzina lomwelo, kenako ufunse kuti, "Otsika mtengo ake ndi ati?" Mankhwala amodzimodzi amapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo a m'kabokosi kokongola amatha kudula kuposa a m'kapepala wamba pomwe mphamvu yake ndi imodzi. Ndi mmene zilili ndi Panado ndi paracetamol. Anthu amachita manyazi kufunsa funso limeneli pakauntala poopa kuoneka osauka, ndipo wogulitsa sangayambe yekha kukuuza. Funsa mitengo m'mafamase angapo ku Limbe kapena m'tauni usanatulutse ndalama, bola ikhale famase yeniyeni yovomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, osati pabenchi pamsika pamene mapiritsi amakhala padzuwa tsiku lonse.

Musamadikire kuti mapiritsi atheretu. Pitani kuchipatala cha boma a sabata imodzi akadalipo. Mukapeza kuti kulibe, mumakhala ndi masiku oti mubwererenso kapena muyese chipatala china musanagule. Uwauzenso adokotala mosabisa kuti kugula kukukuvutani. Nthawi zina amatha kulemba mtundu wina umene ulipo, koma asinthe ndi iwowo, osati inu kunyumba.

Za botolo la m'basi, ndalama yako usaitaye. BP ya ukalamba siithetsedwa, imangotsitsidwa, ndipo m'botolomo sukudziwa muli chiyani. Chimene chingathandize mankhwala popanda kulipira ndi kuchepetsa mchere. Bungwe la WHO limati wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale m'nsomba zamchere ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Soda wa m'therere nayenso ali m'gulu lomwelo. Kambale ka mchere kachoke pamalo podyera. Ndipo ngati mayi amamwa Brufen kapena Indocid pafupipafupi chifukwa cha mawondo, adokotala adziwe, pakuti amenewa amakweza BP ndiponso amavutitsa impso.

Wasaina kuti ndiwe woyamba kubadwa, ndiye kuti pambuyo pako pali ena. Werengera mtengo wa mankhwala a mwezi wathunthu, uwauze ang'ono ako ndi alongo ako, mugawane. Aliyense azitumiza gawo lake pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lolandira, ndalamayo isanalowe kwina.

Azakhali, ana anga akatentha thupi ndimangogula LA ndi amoxicillin pagolosale, chifukwa kuchipatala mzere umatalika ndipo geni imaima. Kodi ndikulakwitsa? — Bambo wogulitsa nsomba, Salima

Inde bambo, ndipo mukulipira zinthu zimene boma limapereka ulere. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Mwina ndi chimfine, khutu kapena zilonda zakukhosi. Kuyeza malungo kobaya chala kumatenga mphindi 15 kapena 20, ndipo m'chipatala cha boma kuyezako ndi LA yemwe simulipira. M'midzi yotalikira, ana osakwana zaka 5 amayezedwa ndi alangizi a zaumoyo m'mudzi momwemo. Amoxicillin pa chimfine sachita kanthu, amangozoloweretsa tizilombo kuti adzalephere kugwira tsiku limene mwana adzadwale chibayo.

Akapezeka ndi malungo, LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumayendera kulemera kwa mwana. Amalize onse ngakhale atayamba kusewera tsiku lachiwiri. Osasungira mng'ono wake otsala. Mwana akamakomoka, kusanza chilichonse kapena kukana bere, tsekani geni nthawi yomweyo. Ndipo poti muli kunyanja ndinene: neti imene mayi analandira kusikelo ikhale pogona ana, isapite kokokera usipa.

Azakhali, tilipo 6 m'nyumba ya lendi. Makala akutidyera ndalama kuposa ndiwo, mayunitsi a magetsi sakukhalitsa, ndipo bilu ya madzi ikungokwera chonsecho sitinasinthe kagwiritsidwe ntchito. Tichepetse pati? — Mayi wa ana anayi, Area 25, Lilongwe

Mayi, ndikukhulupirira kuti makala anu ambiri akuthera pa nyemba. Zinyikeni m'madzi madzulo, zigone. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ziwire kwambiri kwa theka la ola. Kenako phulani poto osavundukula, muikulunge ndi bulangete lakale kapena zitenje zotha, muike m'dengu momwe mwayala nsanza kapena udzu wouma pansi ndi m'mbali, n'kuphimbanso pamwamba. Pakatha maola 3 kapena 4 mukavundukula, nthunzi imakuwombani kumaso ndipo nyemba zimafinyika ndi chala. Chatsala n'kukazingira tomato ndi anyezi. Mpunga umapsa chimodzimodzi, ndipo suchedwa ngati nyemba. Dengu langa ndinalisokera ndi bulangete limene ana anagonera ali aang'ono, ndipo limagwira ntchito mpaka lero.

Mbaula ya chitsulo chokhachokha imataya moto m'mbali. Yomata dongo mkati imausunga. Amene amaphikira nkhuni ayese Chitetezo mbaula, imene timitengo tochepa timakwanira kuphikira nsima. Musanayatse moto, dulani masamba, konzani ufa, tungani madzi, kuti poto wina akachoka wina akhalepo. Makala akatsala ofiira musawasiye atheretu kukhala phulusa: athireni m'chitini chokhala ndi chivundikiro, azizima okha, mawa muyatsirenso. Kugula ka timajumbo tsiku ndi tsiku n'kodula kuposa thumba; ngati simungakwanitse lathunthu, gwirizanani ndi aneba mugawane. Ngati muli pa chipereganyo, ulendo wanu ukafika ganizirani za silinda ya gasi. Ife a ku Lilongwe tili ndi chifukwa chinanso: makala ambiri a mumzinda muno amadya nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa.

Chimodzi chokha ndikukupemphani. Kukazizira mu Juni ndi Julaye musalowetse mbaula m'chipinda chotseka kuti muothe. Mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha anthu ali mtulo.

Pa magetsi, zodya mayunitsi ndi zotenthetsa: ayironi, ketulo, hotipuleti. Tchaja cha foni si chimene chikukumalizani. Sitani zovala za sabata yonse ulendo umodzi, wiritsani madzi okwanira makapu amene mukufuna, ndipo mababu akale akamapsa muziika a LED. Pa madzi, tsekani mipopi yonse usiku, lembani manambala a pamita, m'mawa muonenso wina asanatunge. Akasuntha ndiye kuti penapake pakudontha, kawirikawiri m'thanki ya chimbudzi kapena paipi ya pansi, ndipo ndi nkhani yoti eni nyumba akonze.

Azakhali, miyezi iwiri ikubwerayi ndili ndi chinkhoswe, ma bridal shower awiri ndi maukwati atatu. Kulikonse akufuna chitenje chofanana, kenako telala, tsitsi, mphatso ndi perekaniperekani. Pa ukwati wa mwezi watha ndinatenga katapila. Ndikakana anena kuti ndine womana kapena wansanje. — Mtsikana wogwira ntchito m'shopu, Zomba

Mwana wanga, katapila ameneyo ndiye woyamba kubweza, usanagule chitenje china chilichonse. Wakatapila sadziwa kuti unavina bwino. Mwezi ukatha amafuna ndalama yake ndi chiwongoladzanja chimene nthawi zambiri chimafika theka la zimene unatenga.

Tsopano khala pansi ndi makadi asanu ndi limodziwo. Onsewo si ofanana. Pali mkwatibwi amene munakulira limodzi, amene anabwera kudzagona pamaliro a kwanu. Palinso amene anangokuika m'gulu la WhatsApp chifukwa munaphunzira sukulu imodzi. Wa pamtimayo mugulire chitenje, umuperekeze mpaka kumapeto. Enawo sankha mwambo umodzi: ngati wapita ku bridal shower, ku ukwati ukhoza kungofika kutchalitchi, kumene sikulipiritsa munthu. Ndipo uwauze msanga, komiti isanakuwerengere: "Achemwali, chitenje ulendo uno sindikwanitsa, koma Loweruka m'mawa ndifika kudzathandiza kuphika." Zimene zimakwiyitsa anthu n'kulonjeza kenako n'kuzimitsa foni sabata ya ukwati. Wonena zoona mwezi usanafike amamveka.

Manja nawonso ndi mphatso, ndipo kwathu kuno ukwati unkayenda choncho: wina nkhuku, wina lichero la ufa, wina kufulula thobwa, wina kutsuka mbale mpaka usiku. Ine ndimakumbukira bwino amayi amene anasenda mbatata pa ukwati wa mwana wanga kuyambira mbandakucha, pomwe amene anaponya ndalama zingati m'lichero sindingawatchule.

Pa perekaniperekani, ndalama imathera pa nyimbo. MC amaitana anzake a mkwatibwi, wanyamuka. A kuntchito, wanyamukanso. A mpingo, ochokera ku Zomba, onse ovala zofiira, ndipo paliponse iwe ulimo. Tsimikiza uli kunyumba kuti upereka zingati, uzisinthe zikhale zing'onozing'ono, unyamule zokhazo. Ya thiransipoti yobwerera uiike m'thumba lina. Vina ndi gulu limodzi kapena awiri, uvine ndi mtima wonse, zikatha khala pansi uombe m'manja. Usatapenso za mufoni uli muholo. Za zovala, diresi limodzi losokedwa bwino limapita maukwati angapo, ndipo zitenje za maukwati akale telala akhoza kuzisandutsa siketi kapena bulauzi ya kuntchito.

Maliro okha usawaike m'gulu limeneli. Maliro n'kulirana. Kumeneko pita ngakhale ulibe chipepeso. Ukakhale ndi anamfedwa, utunge madzi, usonkhe moto. Koma poti imfa siilengeza tsiku, ika kangachepe pambali mwezi ndi mwezi. Magulu ambiri a banki mkhonde amakhala ndi thumba lapadera la zadzidzidzi, ndipo ngati lanu lilibe, kayambitse nkhaniyi pa msonkhano wotsatira.

Azakhali, Lachisanu lililonse ndimakumana ndi anzanga pa mowa. Timagulirana maraundi, ndipo pofika Lolemba ndilibe ngakhale ya minibasi. Sindikufuna kutaya anzanga. — Mnyamata wa zaka 27, Mzuzu

Mwana wanga, vuto ndi maraundiwo. Mukakhala asanu, aliyense ayenera kumwa mabotolo asanu kuti ngongole ithe, ngakhale amene amafuna awiri okha. Ukangofika nena poyera kuti lero ugula zako, ndipo unene usanamwe, osati raundi yako itafika. Ndikhulupirire, pagulupo pali mmodzi kapena awiri amene akuvutika ngati iwe, akungodikira wina ayambe.

Tsiku lolandira lipira lendi, gula chakudya, ika padera ya minibasi ya mwezi wonse, ndipo ya Lachisanu ichoke pa zotsalazo. Kenako uwaitane anzakowo kwanu Loweruka masana tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers. Sonkhani ya nyama ya mbuzi muotche nokha pambaula, wina abweretse chinangwa, wina bawo, ndipo aliyense anyamule chakumwa chake.