Funsani Mmisiri: Magetsi a Kanyumba ka Kuseri

FUNSO: Bambo, ndamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yanga kuti ndiikemo alendi. Kali pa mtunda wa mamita 25 kuchokera pa bolodi, bokosi logawira magetsi m'nyumba. Mnyamata wina akuti angotapa waya pa soketi ya kukhitchini n'kumukwirira pansi. Kodi n'zololedwa? Ndine mayi wa ku Mabvuku, ku Harare.

YANKHO: Mayi, mnyamatayo mumuthokoze, koma khasu asaligwire. Waya wa masoketi ndi wa 2.5 mm² kunenepa kwake, ndipo breaker yake, kaswitchi kamene kamagwa kokha magetsi akachuluka, anaiika poganizira ketulo ndi firiji yanu basi. Alendi akadzayatsa mbaula ya mapuleti awiri pamodzi ndi simbi, breaker ija izidzangogwa. Choopsa chimabwera anthu akatopa n'kuikapo breaker yaikulu. Imeneyo siigwanso, ndiye amene amapsa ndi waya, m'kati mwa khoma momwe simukuona.

Kanyumbako kakhale ndi chingwe chakechake chochokera pa bolodi yaikulu, chokhala ndi breaker yakenso. Pansi pa nthaka pamayenda armoured cable, chingwe chakuda chija chokulungidwa ndi mawaya achitsulo. Waya woyera wophwatalala wa m'nyumba sanapangidwire dothi, mvula ya Disembala imamumaliza. Pa mtunda wanuwo, mbaula ilipo, ine ndimayambira pa chingwe cha 10 mm² kuti mphamvu ya 230 volts isafike itafooka, koma wamagetsi ayambe wawerengera zonse zomwe zidzayatsidwe. Ngalande ikumbidwe kupitirira theka la mita, mchenga pansi ndi pamwamba pa chingwe, kenako tepi yochenjeza. Ife anthu a kuno sitisiya malo opanda lepu, tsiku lina khasu lidzapita pomwepo.

M'kanyumbamo muikidwe bolodi yaing'ono, yokhala ndi switch yozimitsira zonse ndi earth leakage ya 30 mA, switch yomwe imazimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi. Waya wa earth, wachitetezo wothawitsira magetsi pansi, achokere ku bolodi yaikulu limodzi ndi chingwecho. Apa mumve bwino: neutral (waya wobwererapo magetsi) ndi earth zisalumikizidwenso pa bolodi yaing'onoyo. Zikalumikizidwa, magetsi amayamba kubwerera kudzera mu earth, ndiye mumamva alendi akudandaula kuti mpopi ukuluma.

Ngati simukufuna kukangana nawo pa za mayunitsi, kapempheni mita ina ku ZETDC, kampani yogawa magetsi ku Zimbabwe. Kutapa waya pamalo pomwe magetsi sanadutse mu mita ndi mlandu. Ntchito yonseyi agwire wamagetsi wokhala ndi mapepala, ndipo ayeze chingwecho musanakwirire ngalande.