Mwana wanu asasaine caution asanaonane ndi loya

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wamkazi wa zaka 23, amene amasamalira okalamba ku England pa viza ya ntchito, anapita ndi gulu lomenyera ufulu wa nyama ku famu ya nkhuku. Iye analowa m'khola kukajambula nkhuku zopanikizana, zina zolephera kuimirira, pomwe anzake anakhala pageti kutsekereza lole. Vidiyo anaiponya pa Instagram. Apolisi anamugwira, anamutulutsa pa belo, ndipo amuuza kuti tsiku lobwererako akhoza kungomupatsa caution (chenjezo la apolisi loperekedwa m'malo motengera munthu kukhoti) nkhani n'kuthera pomwepo. Amalume ake akuti asaine msangamsanga. Inu mukudabwa kuti womangidwa ndi wojambula, mwini famu ali phee.

Amalumewo auzeni ayambe adikira. Akutenga caution ngati kudzudzula kwa mfumu, koti munthu wapepesa, anthu n'kubalalika. Si choncho. Ku England ndi Wales apolisi sangapereke caution pokhapokha munthu atavomereza poyera kuti mlanduwo anapalamuladi, ndipo akasaina, dzina lake limalowa mu Police National Computer, kaundula wa apolisi wa dziko lonse. Wapolisi akamanena kuti "si chigamulo cha khoti" akunena zoona, koma wanena theka. Theka linalo, lomwe ambiri safotokoza bwinobwino chifukwa chofuna kutseka faelo, ndi limene limagwetsa anthu a ntchito ngati ya mwana wanu.

Ntchito yosamalira okalamba imafuna kafukufuku wozama wa DBS, bungwe la boma lofufuza mbiri ya milandu ya ofuna ntchito. Ngakhale lamulo la Rehabilitation of Offenders Act 1974 limati caution wamba amafufutika tsiku lomwelo, ntchito imeneyi ili m'gulu la zimene lamulolo silizitchinjiriza. Caution wa munthu wamkulu amaoneka pa satifiketi ya DBS kwa zaka 6, ndipo pa milandu ina yoopsa safufutika n'komwe. Kenako pali Home Office, unduna woona za viza ndi unzika. Mafomu owonjezera viza, opempha kukhazikika ndi opempha unzika amafunsa za caution. Kukhala naye sikutanthauza kuti akanidwa basi, ofesala amayeza nkhani yonse, koma mwawapatsa pogwira. Kumubisa n'koipitsitsa, chifukwa amakutenga ngati chinyengo.

Chowawa kwambiri n'chakuti caution alibe apilo. Wogamulidwa ndi majisitireti akhoza kukadandaula ku Crown Court. Wosaina caution watsala ndi njira ziwiri zopapatiza: kupempha apolisi omwewo kuti amufufute, kapena kupita ku High Court pa judicial review (kupempha khoti liunike ngati apolisi anatsata lamulo), mwachangu ndipo isanathe miyezi itatu. Ambiri amazindikira vuto pakatha chaka, abwana atsopano atawabwezera satifiketi patebulo. Nthawi imeneyo madzi afika kale m'khosi, ndipo chivomerezo chake chija chili pa tepi.

Sindikunena kuti akane. Akakana, apolisi akhoza kuusiya mlandu ngati umboni ndi wofooka, komanso akhoza kuutengera kukhoti, kumene akapezeka wolakwa zimalemera kuposa caution. Chofunika n'chakuti loya aone kaye umboni, afunse ngati nkhaniyi ingatsekedwe popanda kanthu kapena kudzera mu community resolution (kuthetsa nkhani yaing'ono mogwirizana, osapita kukhoti), yomwe siyilembedwa ngati caution, ngakhale apolisi atha kuitchula pa DBS yozama akaona kuti ikukhudza ntchitoyo.

Pa mlandu weniweniwo, kungolowa pamalo a eni nthawi zambiri si nkhani ya apolisi ku England. Umasanduka mlandu wa aggravated trespass, pa gawo 68 la Criminal Justice and Public Order Act 1994, pamene wolowayo wachita china ndi cholinga choopseza, kutsekereza kapena kusokoneza anthu pa ntchito yololedwa. Chilango chake chimafika miyezi itatu m'ndende kapena faindi ya £2,500. Apa ndi pamene mwana wanu angakhale ndi ponena: ngati iye anangojambula, osatsekereza lole, boma liyenera kutsimikiza cholinga chake kapena kuti anagwirizana ndi a pageti aja. Mauthenga a pa WhatsApp okonzekera ulendowo ndi amene adzayankhe funso limenelo, ndipo sindingalosere kuti adzakomera mbali iti.

Zoti famuyo imazunza nkhuku musazidalire kwambiri. Mu 2014, pa mlandu wa Richardson, Supreme Court inagamula kuti zolakwa za m'mbali sizichititsa kuti ntchito yonse ikhale yosaloledwa. Kuphwanya lamuloko kuyenera kukhala pamtima pa ntchitoyo. Ufulu wolankhula ndi wosonkhana ulipo pa Human Rights Act 1998, koma mu 2022, pa mlandu wa Cuciurean, High Court inati sumapatsa munthu chilolezo chosokoneza ntchito pamalo a eni.

Pali chinanso chimene chimandikwiyitsa. Magulu ena amawerengera kumangidwa ngati gawo la kampeni, chifukwa chithunzi cha munthu ali m'maunyolo chimayenda kutali kuposa cha nkhuku. Pa mpikisano wa mahatchi wa Grand National ku Aintree mu Epulo 2023 anthu 118 anamangidwa, ndipo nkhani inamveka dziko lonse. Nzika ya Britain ikhoza kusenza zimenezo. Mtsikana wa pa viza amasenza katundu wina, ndipo okonza ulendo anayenera kumuuza asanakwere galimoto.

Zina mwachidule. Ufulu woonana ndi loya kupolisi uli pa gawo 58 la Police and Criminal Evidence Act 1984, ndipo loya wa kupolisi ndi waulere kwa aliyense, posayang'ana malipiro. Amupemphe ngakhale atauzidwa kuti ndi kucheza chabe, ndipo asamvere zoti loya achedwetsa zinthu. Apeze wodziwa milandu ya zionetsero, komanso mlangizi wovomerezeka wa za viza, onse asanafike tsiku la belo. Tsikulo asaliphonye, ndipo ngati anamuletsa kuyandikira famuyo kapena kulankhula ndi anzake aja, atsatire mpaka loya atapempha kuti zisinthidwe.

Asafufute vidiyo kapena mauthenga mufoni, koma aleke kuponya zatsopano. Akalandira kalata ya maloya a famu yonena za kuipitsa mbiri, asayankhe yekha. Pa Defamation Act 2013 kampani iyenera kusonyeza kuti yaluza ndalama kwambiri kapena ikhoza kuluza, ndipo choonadi ndi chitetezo, bola vidiyo yoyambirira yosadulidwa ikhalepo. Pepala lililonse lolembedwa injunction (chiletso cha khoti), ngakhale lomatidwa pageti lopanda dzina lake, alitenge mozama: kulinyozera ndi kunyoza khoti, mpaka zaka ziwiri m'ndende. Ngati wina anatuluka ndi nkhuku ngakhale imodzi, auze loya tsiku loyamba, poti pamenepo nkhani imapita ku Theft Act 1968. Aonenso kontirakiti yake ngati imamulamula kuuza abwana za kumangidwa.

Za nkhukuzo, dandaulo pa Animal Welfare Act 2006 lipite ku APHA (nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto), kukhonsolo ya deralo kapena ku RSPCA (bungwe loteteza nyama ku nkhanza), koma loya awerenge kaye, chifukwa kalata yofotokoza mmene analowera m'khola ikhoza kusanduka umboni womutsutsa iye mwini.