Chemistry imene ili mu mphika wa thobwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, Biology amakhoza bwino ndipo amalakalaka kudzakhala namwino, koma Chemistry yamukulira. Akuti zilembo ndi manambala zimamuzunguza mutu, moti wayamba kunena kuti angoisiya. Mayiwo afunsa kuti: "Kodi ndimulole? Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi thupi la munthu?"

Mayi, musamulole kuisiya, koma musamukalipirenso. Ana ambiri amadana ndi Chemistry chifukwa amakumana nayo pa bolodi pokha, ngati ndakatulo yoloweza m'chilankhulo chachilendo. Sanauzidwepo kuti imene akuvutika nayo m'kalasiyo ndi yomweyo imene inu mumachita kukhitchini. Choncho tiyambire pa thobwa.

Mukudziwa mmene zimakhalira. Mwaphika phala lolimba bwino, lokana kuyenda mukapendeketsa mphika. Mwaliphula, mwadikira kuti lipoleko, kenako mwathira chimera n'kutakasa. Posakhalitsa phala lija lasungunuka, layamba kuyenda ngati mwathiramo madzi, ndipo mukalawa mukumva kutsekemera pomwe shuga simunaikemo. Chachitika n'chiyani? Ufa wa chimanga ndi sitachi, ndipo sitachi ili ngati mkanda wautali kwambiri umene kanjere kalikonse ndi shuga wotchedwa glucose. Mkandawo ukakhala wathunthu lilime silimva kukoma. Mawere kapena mapira akamamera amapanga chinthu chotchedwa amylase, chimene ntchito yake ndi kudula mkanda umenewu kuti kambewu kapeze chakudya. Mukathira chimera, mwathira lumo lodulira sitachi. Mikanda yaitali ija imasanduka tizidutswa ta shuga, phala n'kumasuka, n'kutsekemera.

Amylase yemweyo ali m'malovu mwathu. Muuzeni mwanayo atafune buledi kwa nthawi yaitali osameza, amva kakutsekemera kakubwera. Kugaya chakudya kumene amajambula m'kope la Biology kumayambira pamenepo.

Ndipo pali chifukwa chimene agogo athu ankanenera kuti chimera sathira m'phala lobwadamuka. Amylase ndi enzyme, ndipo ma enzyme ndi mapuloteni opindidwa mwa mtundu wake, ngati kiyi wosulidwira loko mmodzi. Kutentha kukapyola muyeso, kapindidweko kamawonongeka ndipo kiyi salowanso. N'zimene zimachitikira dzira mukaliwiritsa: zoyera zija zikalimba sizibwereranso. Thupi lathu limasunga kutentha kwake pafupifupi madigiri 37 chifukwa ma enzyme ake amagwira bwino ntchito pamenepo. Namwino akamathamangira mwana amene thupi latentha kwambiri, chimodzi mwa zimene akuteteza ndi chimenechi.

Tsopano zilembo zimene zikumuopsa zija. Zinthu zonse zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo maatomu akalumikizana amapanga mamolekyu. M'buku muli mitundu 118 ya maatomu, koma kwa zamoyo yofunika kuigwira poyamba ndi inayi yokha: okosijeni, kaboni, haidrojeni ndi nayitrojeni, O, C, H ndi N. Inayi imeneyi imapanga pafupifupi 96 peresenti ya kulemera kwa munthu, ndipo okosijeni yekha ndi pafupifupi 65 peresenti, makamaka chifukwa thupi la munthu wamkulu ndi madzi pafupifupi 60 peresenti. Akaona H2O asanjenjemere, akungouzidwa kuti maatomu awiri a haidrojeni agwirana ndi imodzi ya okosijeni. C6H12O6 ndi glucose uja wa mu thobwa: makaboni 6, mahaidrojeni 12, maokosijeni 6. Chimanga cha m'munda mwanu chinampanga kuchokera ku mpweya wa carbon dioxide ndi madzi, mothandizidwa ndi dzuwa. Ife tikadya, maselo athu amamuphwanya pogwiritsa ntchito okosijeni amene tapuma, mphamvu n'kutuluka, carbon dioxide n'kubwerera mumlengalenga. Munthu wokwera chitunda cha ku Ndirande atasenza thumba la makala amapuma wefuwefu chifukwa minofu yake ikufuna okosijeni wambiri wowotchera shuga ameneyu.

Nayitrojeni ndiye amandichititsa chidwi kwambiri. Mpweya umene tikupumawu 78 peresenti ndi nayitrojeni, koma ife kapena chimanga sitingamutenge mwachindunji. N'chifukwa chake timalira ndi mtengo wa feteleza chaka ndi chaka: thumba la urea lili ndi 46 peresenti ya nayitrojeni, ndipo chimanga chikamusowa masamba amachita chikasu. Nandolo, soya, mtedza ndi nyemba zili ndi mwayi, pakuti m'timatuza ta kumizu yake mumakhala mabakiteriya amene amakola nayitrojeni wa mumpweya. Zomera zimamugwiritsa ntchito popanga mapuloteni, ife n'kuwadya mu ndiwo, n'kumangira minofu, magazi ndi ma enzyme aja. Nayitrojeni wotsala chiwindi chimamusandutsa urea, impso n'kumutulutsa mu mkodzo. Inde, ndi urea yemweyo wa m'thumba la feteleza. Mu 1828 katswiri wa ku Germany, Friedrich Wöhler, anapanga urea mu labotale popanda impso ya nyama iliyonse, ndipo zimenezi zinathandiza kusonyeza kuti zinthu za m'thupi zimatsata malamulo omwewo a Chemistry.

Mapuloteni onse amalukidwa ndi mitundu 20 ya tizidutswa totchedwa ma amino acid. Imodzi yokha ikalowa pamalo pa inzake mu hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, munthu amadwala sickle cell. Hemoglobin yomweyi ili ndi maatomu anayi a ayironi, ndipo okosijeni amakakamira pamenepo. Inu mayi mukukumbukira mapiritsi owonjezera magazi amene ankakupatsani kusikelo muli oyembekezera. Munali ayironi mmenemo.

Za asidi sindichedwapo, chifukwa mumazidziwa kale. Mandimu ndi bwemba ndi asidi, chidulo kapena soda wophikira therere ndi mbali inayo, alkali. Muyeso wake ndi pH, ndipo 7 ndi pakati. M'mimba muli asidi wamphamvu, pH yake pakati pa 1.5 ndi 3.5, pomwe magazi amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo akachoka pamenepo munthu amadwala zedi.

Chimene ndikufuna mwana wanu amve kwambiri ndi ichi. Tonse a mu Blantyre tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, pamene ngakhale sukulu za mumzinda muno zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Chimene chinapulumutsa anthu ambiri ndi kapaketi ka Thanzi, kamene kwenikweni ndi mchere ndi shuga. Bwanji osangopereka madzi okha? Wotsekula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi mchere wa sodium ndi potassium, umene mitsempha ndi mtima zimadalira. M'matumbo muli tizipata timene timalowetsa sodium pokhapokha ali limodzi ndi glucose, ndipo awiriwa akalowa madzi amatsatira. N'chifukwa chakenso paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ndendende, osati mongoyerekeza. Namwino amene akudziwa zimenezi amatha kufotokozera mayi wa mwana wodwala mpaka amvetse, ndipo ku sukulu ya unamwino adzakumana nazo ndithu, pamodzi ndi kuwerengera milingo ya mankhwala ndi madiripi.

Loweruka likubwerali muphike naye thobwa. Mugule kabotolo ka ayodini wopaka pabala ku famase. Musanathire chimera, mupatule supuni ya phala pa mbale, ipole, mudonthezepo dontho limodzi: lidzasanduka buluu wakuda, chizindikiro cha sitachi. Chimera chikagwira ntchito kwa maola angapo, mupatulenso supuni ina n'kuchita chimodzimodzi, ndipo ayerekeze mitundu iwiriyo. Zoyeserazo mutaye, si zodya. Kenako alembe yekha m'kope chimene waona ndi chifukwa chake, ndipo munditumizire ndione.